Kumene Madzi Ankachokera

Ine ndine namwino. Zaka zambiri zimene ndakhala mu mzinda wa Hull, ku Britain, ndazithera pa wadi ya anthu odwala sitiroko, moti nkhope yopendekeka ndimaizindikira ngakhale munthuyo ali kutsidya la msewu. Koma tsiku limene nkhope ya bambo a kunyumba kwanga inapendekeka sitinali ku Hull pafupi ndi anzanga a kuntchito. Tinali ku Italy, pamwamba pa phiri, m'munda wa nyumba yachifumu yakalekale, kumene kunalibe munthu ndi mmodzi yemwe wotimva chinenero.

Ulendowo anaufuna ndi iwo. Chaka chimenecho tinali titangolandira mapasipoti a ku Britain, ndiye zopempha viza zinali zitatha. Ine mtima unali kumudzi, koma iwo anakana.

"Kumudzi si kutchuthi, amayi," anatero. "Kumudzi ndi kuntchito. Maliro onse amene sitinalire akutidikira."

Ana athu awiri tinakawasiya kwa mng'ono wanga ku Bradford, ife n'kukwera ndege.

Bambowa ndi injiniya wa za madzi. Anakulira ku Mulanje, kumene madzi a m'mipopi amatsika okha kuchokera m'phiri popanda injini, ndipo zimenezo zinawagwira mtima kuyambira ali mwana. Atabwera kuno kudzaphunzira anawerenga kuti m'matauni a m'mapiri a ku Italy muli nyumba zimene mafumu ndi akuluakulu a mpingo anamanga kalekale, zokhala ndi minda ya akasupe oponya madzi m'mwamba popanda pampu. Mamangidwe ake ankawatchula kuti baroko. Ine ndinkangoti ndi nyumba za anthu amene chuma chinawasowetsa chochita.

Masiku oyamba tinayenda bwino. Tinkakwera sitima, kenako basi yokhotakhota ndi phiri, n'kukafika m'tauni ya timisewu topanikiza, nyumba zake zogundana ngati mano. Tsiku ndikunenali tinapita ku tauni yaing'ono kuposa zonse zimene tinaziona. Kunkatentha ngati ku Nsanje mu Okutobala. Basi inatisiya m'munsi, tinakwera wapansi mpaka pachipata, pomwe mayi wina wa magalasi anatigulitsa matikiti.

M'nyumbamo munali zipinda zotsatizana, makoma opaka golide, magalasi odziyang'anira aatali kuposa munthu, mipando yotchingidwa ndi zingwe kuti wina asakhalepo. M'chipinda chachikulu anajambula kudenga ngati kulibe denga. Ukayang'ana m'mwamba unkaona mitambo yotseguka, angelo a miyendo yonenepa, ndi anthu amaliseche akuponyedwa pansi kuchokera kumwamba, manja ali balalabalala, ngati akugwera iwe amene. Ndinayang'ana pang'ono ndinamva chizungulire. Bambo anayang'ana nthawi yaitali, kenako anadzigwira pachipumi.

"Mutu ukundiwawa pang'ono."

"Mankhwala a BP mwamwa?"

"Ndamwa, a nesi. Munandiyang'anira nokha m'mawa."

Zinali zoona. Ndinawapatsa botolo la madzi, tinatulukira kuseri, kumunda.

Mundawo unkakwera phiri m'magawo, gawo lina pamwamba pa linzake. Masitepe a miyala anali uku ndi uku, pakati pake madzi akutsika m'ngalande yosema. Paliponse panali nkhope za miyala zoyasamula, zomera ndere, zikulavula madzi. Mipanda ya zitsamba zodulidwa bwino inali yaitali kuposa ife. Inali nthawi ya nkhomaliro, alendo anzathu onse anali atatsika kukadya, ndipo tikamakwera tinkangomva madzi ndi anyenje. Bambo anaiwala za mutu uja. Ankagwada kusuzumira m'ngalande, kujambula zithunzi, kundifotokozera zinthu zimene sindinawafunse.

"Tikafike pamwamba penipeni," anatero. "Ndikufuna ndikaone kumene madziwa akuchokera."

Pamwamba penipeni munda wodulidwa bwino uja unathera m'nkhalango. Panali dziwe la madzi obiriwira, benchi ya mwala, ndi phanga mmene munagona chiboliboli cha mwamuna wa ndevu atakumbatira mtsuko. Bambo anaima m'mphepete mwa dziwelo akuloza.

"Mwaona? Madzi amalowera apa, ndiye akadzaza amayamba ku... amayamba ku..."

Mawu otsatira anatuluka ngati a munthu amene ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Kamera inagwa m'dzanja lawo lamanja, inagunda mwala. Ndinaganiza kuti akuchita nthabwala, ndinatsala pang'ono kuseka. Atatembenuka ndinaona mlomo wa kumanja utagwa, dovu likutsika kuchibwano.

"Bambo, tandisekererani. Ndionetseni mano."

Mbali imodzi yokha ya nkhope ndi imene inamvera.

"Kwezani manja onse awiri. Kwezani!"

Anakweza. Lamanja linayamba kutsika lokha pang'onopang'ono, iwo akuliyang'ana ngati si lawo.

Ndinayang'ana wotchi. Chimenecho ndinachita osaganiza, chifukwa ndi funso loyamba limene timafunsa achibale akabwera ndi wodwala: zinayamba nthawi yanji? Pali mankhwala osungunula magazi oundana m'mutu, koma amaperekedwa nthawi isanapite kwambiri. Ikapita, yapita. Ndinkadziwa zimenezi, ndinkadziwanso mmene amakhalira munthu amene wafika mochedwa, chifukwa anthu otero ndimawasambitsa ndi kuwadyetsa ndi sipuni tsiku ndi tsiku. Tsiku limenelo ndinalakalaka ndikanakhala wosadziwa kanthu.

Ndinawagoneka chammbali pabenchi paja, ndinawamasula kolala, ndinatulutsa foni. Ndinaimba nambala ya ngozi imene tinazolowera kwathu ku Hull, mwa chisomo inalowa. Anayankha mayi wolankhula Chitaliyana. Ndinakuwa m'Chingerezi kuti mwamuna wanga wachita sitiroko. Anandipatsira kwa munthu wina amene ankadziwa Chingerezi pang'ono.

"Muli kuti?"

Dzina la tauniyo linandithawa. Ndinali nditaliwerenga pa basi m'mawa womwewo, koma m'mutu munali mbee. Ndinapisa m'thumba la bambo, ndinapeza tikiti, ndinayamba kutchula zilembo chimodzichimodzi. Ndisanamalize foni inaduka. Ndinaimbanso, sinalowe. Ndinakwera pamwala, ndinakweza foni m'mwamba, netiweki inali itapita.

Ndinakuwa. Choyamba chimene chinatuluka chinali "Thandizeni!" ngati ndili kwathu. Ndinakuwanso m'Chingerezi. Madzi aja ankasokosera m'munda monse, mawu anga sanapite patali.

Panali zinthu ziwiri zokha: kukhala nawo n'kumawaona akutha, kapena kuwasiya okha n'kuthamangira pansi. Nditaimirira anandigwira siketi ndi dzanja lamanzere. Anagwira zolimba. Pakamwa pankatuluka phokoso lopanda mawu, koma maso ankalankhula bwinobwino, ndipo m'zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawaonepo mantha otero.

"Ndikubwera, bambo. Ndikukaitana anthu. Musadzuke, mwamva? Musadzuke."

Sanandisiye. Ndinachita kuwatambasula zala chimodzichimodzi. Mpaka lero ndikakumbukira tsiku limenelo, chimandiwawa kwambiri ndi chimenechi.

Ndinathamanga. Pokwera paja ndinkangotsatira iwo, njira sindinaisunge. Ndinalowa pakati pa mipanda ya zitsamba ija ndikuganiza kuti ndadula, koma njira zonse zinali zofanana. Ndinakhota, ndinakhotanso, ndinakapezeka pamalo otsekeka, maso ndi maso ndi chiboliboli cha mkazi wopanda mphuno. Ndinabwerera. Lamba wa nsapato yanga anaduka, ndinavula zonse ziwiri n'kuzitaya, ndinathamanga chopanda nsapato pa timiyala totentha. M'mutu munkabwera zinthu zimene sindinaziitane. Ndinaona bokosi likutsitsidwa m'ndege ku Chileka. Ndinaona apongozi anga ku Mulanje akundifunsa kuti mwana wawo ankatani pamwamba pa phiri la eni. Ndinaona ana athu atavala zakuda, osadziwa nyimbo za pamaliro.

Ndinaima, ndinadzimenya patsaya. Ndinamvetsera kumene madzi ankasokosera kwambiri, ndinalowera komweko, mpaka ndinatulukira pamasitepe aja.

Chapakatikati pa munda, pansi pa mtengo, panali kagalimoto ka matayala atatu kodzaza masamba odula, ndipo pambali pake panakhala bambo wachikulire wosamalira mundawo akudya buledi. Atandiona anadzidzimuka, anaimirira n'kubwerera m'mbuyo. Sindimunena. Ndinali wopanda nsapato, mapazi ali magazi, tsitsi lili nyankhalala, ndikulira. Ndinayesa Chingerezi, anangopukusa mutu. Ndiye ndinakokera mlomo wanga pansi ndi chala, ndinagwetsa dzanja langa lamanja ngati lakufa, ndinaloza mphete yanga ya ukwati, ndinaloza pamwamba pa phiri.

Nkhope yake inasintha. Anataya buledi uja. Anatulutsa foni yake yakale, anakuwamo mawu ambirimbiri, kenako anandikodola kuti ndikwere. Ndinakhala kumbuyo pamasamba, pakati pa makasu ndi zodulira. Kagalimotoko kanadzera njira ina ya kuseri kwa mipanda, kakulira ngati chigayo, kakukwera pang'onopang'ono moti ndinkafuna kutsika n'kukakankha.

Titafika padziwe paja, pabenchi panalibe munthu.

Ndinayang'ana madzi obiriwira aja, anali zii. Bambo wa m'munda uja ndi amene anawaona. Anali atayesa kudzuka kuti anditsatire, n'kugwera kuseri kwa benchi, m'mphepete mwenimweni mwa dziwe, mwendo umodzi uli m'madzi. Tsaya linali litanyuka, buluku litanyowa. Ankapuma. Atandiona analira ngati mwana.

Mwamuna wanga ndi munthu wamkulu thupi. Mmene tinawanyamulira awiriwiri, ine ndi nkhalamba ija, sindidziwa. Tinawagoneka pamasamba paja, mutu uli pamiyendo panga, tinayamba kutsika. Kagalimoto kakagunda mwala mutu wawo unkagwedezeka, ine n'kumaugwira ndi manja awiri. Ndinkawalankhula osaleka, zilizonse zimene zinkabwera, za ana, za mbewu za tomato zimene anadzala kuseri kwa nyumba, kuti asagone. Tinadutsa nkhope za miyala zija zikulavulabe madzi awo, tinadutsa pansi pa mawindo a nyumba yachifumu ija, mpaka pachipata. Mayi wa matikiti uja anali atatsegula kale chipata chachikulu, foni ili kukhutu.

Ambulansi sinathe kulowa m'timisewu tija. Inaima pabwalo la m'munsi, kutsogolo kwa tchalitchi. Kagalimoto kathu kanatsika m'kamsewu kopanikiza, anthu akutuluka m'malo odyera, mafoloko ali m'manja, kudzationa. Amayi okalamba pamakonde ankachita chizindikiro cha mtanda. Ine ndinafuna kuwakuwira kuti asiye, munthuyu sanafe. Pamene ankawakweza m'ambulansi, mayi wina wovala epuloni anandigwira mkono, anavula masilipasi ake n'kuwaika pamapazi anga. Sindinamuthokoze. Bambo wa m'munda uja sindinatsanzikane naye. Chitseko chinangotsekedwa.

Chipatala chinali mu mzinda wa kuchigwa, ndipo msewu wake unali womwe uja wokhotakhota. Anyamata a m'ambulansi ankagwira ntchito yawo bwino, ndinkaona ndithu kuti akuidziwa, koma manja anga ankayabwa. Ndinkafuna kuyeza ndekha, kulowetsa singano ndekha. Anandikhazika pakampando, anandimanga lamba. Ndinkangoyang'ana manambala pa makina, ndikudziwa tanthauzo la iliyonse, kenako wotchi, kenako manambala. Kutsogolo kwathu kunalowa thirakitala yokoka udzu, ndipo panalibe podutsira. Sailini inkalira, thirakitala ili pang'onopang'ono. Ndinapemphera mokweza m'Chichewa, pemphero lopanda mutu, mawu ake amodzimodzi: "Ambuye, musanditero. Ambuye, musanditero."

Kuchipatala anawathamangitsira kokajambula m'mutu. Ine ndinatsala pakhonde. Kenako anabwera dokotala wamkazi, wamng'ono kwa ine, wodziwa Chingerezi chokwanira.

"Zinayamba nthawi yanji?"

Ndinamuuza nthawi yeniyeni.

"Mukutsimikiza?"

"Ndine namwino wa sitiroko. Ndinayang'ana wotchi."

Anandiyang'ana, anagwedeza mutu. Anati m'mutu simunatayike magazi, ndi mtsempha umene watsekeka, ndipo nthawi ikadalipo koma yatsala pang'ono. Anayamba kundifotokozera kuopsa kwa mankhwalawo, kuti ena akalandira amataya magazi m'mutu n'kumwalira. Mawu amenewo ndinkawadziwa pamtima. Ndinali nditaima pambali pa madokotala athu kambirimbiri akuuza achibale zomwezo, ndipo ndinali nditaonapo ndi maso anga munthu amene zinamuchitikira. Panalibe wamkulu womufunsa, panalibe mlamu kapena malume woti tigawane mlanduwo zikalakwika.

"Apatseni," ndinatero.

Ndinakhala pampando wa pulasitiki pakhonde paja, mapazi akuwawa m'masilipasi a eni. Chitseko chikatseguka ndinkaimirira. Ndinaimbira mng'ono wanga ku Bradford.

"Alamu ako achita sitiroko. Tili kuchipatala."

"Mayo ine! Achemwali, mukuti chiyani? Ali moyo?"

"Ali moyo. Ana usawauze kaye."

"Nanga ndiwauza chiyani? Akundiyang'ana pano."

"Uwauze kuti tachedwa kubwera. Kumudzi usaimbe. Ndiimba ndekha ndikadziwa chonena."

Dzuwa litapendeka anandilola kulowa. Anali atagona, mapaipi ali m'manja, maso otseka. Ndinakhala kumanja kwawo, ndinaika zala zanga m'dzanja lakufa lija. Ndinkayang'ana mpweya wawo, ndinkawatsegula zikope kuona maso, namwino wa pamenepo akundiyang'ana koma osandiletsa. Patapita nthawi ndinamva chala chawo chachikulu chikukanda changa. Ndinaganiza kuti ndi maganizo anga. Chinakandanso.

M'mawa mwake analankhula. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mlomo ukulemera, anati, "Nsapato zanu zili kuti?"

Ndinaseka ndi kulira nthawi imodzi. Koma dokotala uja atabwera n'kuwafunsa m'Chingerezi dzina lawo ndi kumene ali, anangomuyang'ana, kenako anayang'ana ine. Chingerezi chinali chitachoka. Munthu amene analemba mabuku a digiri m'Chingerezi, amene ankatsogolera misonkhano kuntchito, sankatha kutchula ngakhale madzi. Chinatsala ndi Chichewa, chosakanikirana ndi mawu a Chilomwe amene ankalankhula ndi amayi awo ali mwana, ena mwa iwo ine osawadziwa. Dokotala ankafunsa ine, ine n'kufunsa iwo, yankho n'kubwerera njira yomweyo. Ndinagwira ntchito imeneyo ndikumwetulira kuti asaone, koma mantha atsopano anali atandilowa. Adzagwira bwanji ntchito? Adzalankhula bwanji ndi ana awo omwe, amene Chichewa amangomva koma kuyankha amayankha m'Chingerezi?

Tinakhala kumeneko mpaka madokotala atalola kuti akwere ndege. Ine ndinkagona kwa masisitere ena amene anali ndi nyumba ya alendo pafupi ndi chipatala. Apongozi ndinawaimbira bambo atayamba kukhala tsonga, ndinawaika foni kukhutu kuti amayi awo amve okha mawu a mwana wawo.

Titafika ku Hull, mng'ono wanga anabweretsa ana. Analowa m'chipinda chochezera mwamanyazi, ngati kwa eni. Wamkulu anawalankhula m'Chingerezi mothamanga monga mwa masiku onse, bambo ake anakwinya nkhope posamva, mwanayo anathawira kuchipinda kukalira. Wamng'ono, mtsikana, anaima kaye. Kenako anapita pafupi, anagwira dzanja lofooka lija, anati, "Adadi, mwa-dzu-ka bwanji?" Linali dzuwa la masana, koma palibe anamukonza.

Chingerezi chinabwerera pang'onopang'ono, poyamba mawu a kuntchito, kenako a kunyumba. Mwendo unalimba. Dzanja lamanja mpaka lero limachedwa, mabatani a malaya amamanga ndi lamanzere. Kuntchito anabwerera, poyamba masiku ochepa pa mlungu. Ine ndi amene ndinachedwa kuchira. Akakhala chete pang'ono ndinkawauza kuti andisekerere. Akachedwa kubafa ndinkagogoda. Tsiku lina ananditopera.

"Amayi, mukundilondera ngati mkaidi. Mawa kuchipatala kokaongola dzanja ndipita ndekha."

"Ndikuperekezani mpaka pa basi basi."

"Ayi. Ndekha."

M'mawa mwake kunali kamvula ka ku Hull kaja kosaleka. Anavala jekete, anatenga ndodo yawo, anatuluka. Ndinaima pawindo la m'mwamba kuseri kwa katani, ndinawaona akuyenda mpaka pa siteji, phewa lamanja litatsika pang'ono. Basi inabwera, inawaphimba, itachoka panalibe munthu. Ndinakhala pansi pa masitepe, foni ili m'manja, osadya, osasamba. Chakumasana ndinamva kiyi akulimbana ndi loko, akugwa pansi, akutoledwa. Ndinadzigwira kuti ndisatsegule. Analowa atanyowa, m'thumba la jekete mutatuluka mchira wa nsomba yokulunga m'pepala.

"Ndinatsikira kumsika," anatero. "Anyezi alipo m'nyumba muno?"